Diso la Pepani

Kubwalo la ragibi ankamutcha Pepani. Dzinali analipeza tsiku loyamba lomwe, atagundana ndi mtsikana wina n'kumugwetsa mwangozi. M'malo mothamangira mpira, iye anagwada pambali pa mnzakeyo n'kuyamba kumusasa fumbi uku akuti, "Pepani, pepani, sindimafuna." Timu yonse inafa nazo nseko, ndipo kuyambira pamenepo palibe anavutikanso kufunsa dzina lake lenileni.

Anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, koma anali asanathamangepo, ngakhale pothawa mvula. Ali mwana ankadwala mphumu, choncho amayi ake anamulera ngati dzira. Anzake akamasewera kusukulu, iye ankakhala pamthunzi kulondera zikwama. Mphumuyo inatha kalekale, koma m'mutu mwa amayi ake inali ikadalipo.

Ragibi inamupeza kuntchito, pashopu yochita fotokope. Kunabwera mwamuna wina wotambalala mapewa moti pakhomo analowa chammbali, mphuno yokhota, makutu otupa ngati anatafunidwa. Pepani anakokera chikwama chake pafupi. Koma mwamunayo anayankhula motsitsa mawu, ngati akuopa kudzutsa mwana, napempha makope makumi atatu a pepala lolembedwa kuti: "Timu ya amayi ikufuna osewera, ngakhale amene sanagwirepo mpira." Makina akulavula mapepala, Pepani anawerenga mawuwo kamakumi atatu. Pomaliza anatulutsa kope imodzi yapadera, n'kuipinda, n'kuiponya m'thumba.

Mwamunayo anali Kabati, wokonza mawotchi, wosewera m'timu ya abambo amene ankathandiza kuphunzitsa ongoyamba kumene.

Masewera a tsiku loyamba atatha, Pepani anakunga mtima n'kuima pamaso pa anzake, maso ali pansi.

"Ndikupempha chinthu chimodzi. Munthu aliyense wa kwathu akadzakufunsani za ine, simukundidziwa. Amayi akamva kuti ndimabwera kuno akomoka."

Kaputeni wa timuyo, mkazi wamtali wometa tsitsi, anamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kuphazi.

"Ukulu wonsewu ukubisala ngati mwana wakuba shuga? Chabwino, sitikukudziwa."

Kabati sanaseke. Anangogwedeza mutu, n'kunena kuti nsapato ndi jezi azimusungira kushopu kwake.

* * *

Lachiwiri ndi Lachinayi lililonse Pepani ankafika kunyumba dzuwa likulowa, atasamba kale kubwalo, miyendo ikunjenjemera, nkhope ikuwala. Amayi ake anapirira masabata atatu.

"Mzime wanga, khala apa. Masiku ano ukumwetulira ndi khoma lomwe. Ndipo ukudya ngati munthu womanga nyumba. Wapeza munthu?"

Pepani anatsegula pakamwa kuti akane. Kenako anaganiza kuti akakana, funso lotsatira likhala lakuti nanga umapita kuti. Anatseka pakamwa n'kuyang'ana zikhadabo zake.

Amayi anawomba m'manja. "Ndimadziwa ine! Mulungu sagona."

Bodza limeneli sanalinene ndi iye, koma linakhala lake ndithu. Ndiye tsiku lina kunagwa mvula, Kabati n'kumuperekeza ndi ambulera mpaka pageti. Ambulerayo inali yaing'ono, moti theka la Kabati linafika litanyoweratu. Amayi anali pawindo, katani atakanula pang'ono.

"Iwe, amene wakuperekezayu ndi munthu mmodzi kapena awiri?"

"Mmodzi, amayi."

"Nkhopeyo anachita ngozi?"

"Anabadwa... ayi, kaya."

"Hmm. Bola mtima."

Mtimawo ndi umene Pepani sankaumvetsa. M'mawa uliwonse pambuyo pa masewera, uthenga unkalowa: "Mwadzuka bwanji? Miyendo ikupweteka?" Ankauwerenga kasanu, kufunafuna china chake pakati pa mawu. Kodi munthu amene akukufuna amafunsa za miyendo basi? Kodi ena onse ongoyamba kumene amawafunsanso za miyendo? Iye ankalemba yankho lalitali, n'kufufuta, n'kutumiza loti: "Ndadzuka, kaya inu." Kabati ankayankha kuti, "Ndadzukanso." Nkhani n'kuthera pomwepo.

Masewerawo pawokha anali osokoneza mutu. Mpira wake wonga dzira, ukagwa pansi sudziwika kolowera. Kuti timu ipite kutsogolo, mpira umauponyera kumbuyo. Munthu amene wakugwetsa m'matope ndi yemweyo akukupatsa dzanja kuti udzuke. Pepani ankaona kuti amene anayambitsa masewerawa ayenera kuti anali ndi mtima ngati wa Kabati.

* * *

Lachinayi limenelo kunali kuphunzira kugwetsa munthu. Kabati anagwada bondo limodzi pafupi naye.

"Phewa lanu ligunde ntchafu. Manja akulunge miyendo. Mutu ukhale kumbuyo kwa munthuyo, osati kutsogolo, chifukwa kutsogolo n'kumene kuli mawondo. Ndiye chachikulu, maso. Inu mumatsinzina."

"Sinditsinzina."

"Mumatsinzina. Ndimakuonani."

Pepani anamva kutentha m'makutu. Ndimakuonani. Anawasunga mawuwo kuti akawasinkhesinkhe bwino kunyumba.

Kabati atapita kukathandiza wina, Kaputeni anafika akuponyaponya mpira m'manja.

"Amaphunzitsa bwino, eti? Inenso anandiphunzitsa ndi yemweyo. Ambulera yake ija ikadali yothyoka nthiti imodzi?"

Nthitiyo inali yothyokadi.

"Usadandaule, ndi wamtima wabwino kwa aliyense. Ngakhale galu wotsimphina amamuperekeza. Tiye, ima apo. Undigwetse ine."

Wenzulo inalira. Kaputeni ananyamuka ngati basi yoduka mabuleki. Pepani anawerama. Phewa pa ntchafu, manja, mutu... mutu kuti? Galu wotsimphina. Ambulera. Maso anatsinzina okha, mutu n'kulowa kutsogolo, ndipo bondo la Kaputeni linamupeza padiso lakumanzere. Anaona nyenyezi dzuwa likuswa mtengo.

Atatsegula diso lotsalalo, Kabati anali atamugwirizira ayisi pankhope ndi zala zake zikuluzikulu zija, mosamala ngati akugwira kamuvi ka wotchi.

"Zala zingati izi?"

"Zitatu. Pepani."

"Mukupepesa ndani? Wavulala ndinu."

"Kunyumba ndikanena kuti ndagunda chitseko."

Kabati anasuntha ayisi pang'ono. Kenako anatsitsa mawu.

"Loweruka... pali chinthu chimene ndimafuna ndikufunseni. Ngati muli ndi mpata."

"Kabati!" anakuwa Kaputeni kuchokera kumapeto kwa bwalo. "Matumba a mipirawa anyamula okha?"

Kabati ananyamuka. Pepani anatsala ndi ayisi ndi mafunso awiri. Kodi Kaputeni amathamanga choncho kwa aliyense? Nanga Loweruka kuli chiyani, chikondi kapena maphunziro apadera a kagwetsedwe?

* * *

Madzulo analowa m'nyumba atatembenuzira nkhope kukhoma, n'kunena kuti mutu ukumupweteka. Koma m'mawa diso linali litatupa, lakuda bii, lotsekeka ngati la mwana wa mphaka. Amayi anagwetsa kapu ya tiyi.

"Mayo ine! N'chiyani ichi?"

"Ndinagunda chitseko."

"Chitseko chiti? Zitseko za m'nyumba muno ndakhala nazo zaka makumi atatu, palibe chimene chinamenyapo munthu."

"Cha kuntchito."

"Dzulo linali Lachinayi." Amayi anakhala pansi pang'onopang'ono, dzanja lili pachifuwa. "Lachinayi. Chimunthu chija. Ndinaiona nkhope ija ine, ndinangokhala chete kuti musati mayi wansanje."

"Ayi amayi, si iwowo!"

Koma amayi anali atayimba kale foni. Pasanathe ola, m'nyumba munali achimwene ake, oyendetsa lole, ndi azakhali ake, amene anafika ndi chikwama ngati adzagonera. Azakhali anakweza nsalu ya m'mikono ya Pepani, n'kupeza mikwingwirima yakale, ina yobiriwira, ina yachikasu. Anayang'ana amayi. Amayi anayamba kulira.

Achimwene anamulanda foni n'kuyamba kufufuza mayina ndi mauthenga.

"Wa Mawotchi ndi ameneyu? 'Miyendo ikupweteka?' Amachita kufunsa!"

Anayimba nambalayo atatuluka panja. Pepani anangomva mawu awo, aulemu mochititsa mantha: "Ndine mchimwene wake. Tikufuna tikudziweni, bambo. Mawa masana."

Foni anaiika m'thumba mwawo. Pepani anagona chagada tsiku lonse, diso limodzi likuyang'ana kudenga. Mawu anali atatu okha: ndimasewera mpira, amayi. Anawayeserera mpaka lilime kutopa. Koma nthawi iliyonse akatsegula chitseko, ankawapeza amayi atagwira chifuwa, mawuwo n'kubwerera kum'mero.

* * *

Kabati anafika pa nthawi yake ndendende. Anavala jekete lomuthina m'mapewa, ndipo m'manja ananyamula kaphukusi. Analowa chammbali, napereka moni kwa aliyense, n'kukhala m'mphepete mwa sofa ngati akuopa kuithyola.

"Ndawabweretsera amayi kawotchi ka pakhoma. Ndinakakonza ndekha."

Palibe anatambasula dzanja. Kabati anaika kaphukusiko patebulo.

"Bambo," anayamba achimwene, "chibwenzi cha mlongo wangayu ndinu?"

Kabati anatembenukira kwa Pepani, pakamwa pali yasa.

"Ndi... ine?"

"Mukukana?"

"Ayi, sindikukana. Kungoti... sindinauzidwe."

"Tamverani zimenezo!" anatero azakhali. "Miyezi iwiri akumuyendetsa mwana, lero sanauzidwe."

Pepani analakalaka simenti itang'ambika. Achimwene analoza diso lake.

"Nanga ichi munauzidwa?"

Nkhope ya Kabati inasintha pang'onopang'ono. Tsopano anamvetsa chimene anamuitanira. Anaika manja ake pamawondo.

"Sindinamumenye. Sindinayambe ndamenyapo mkazi."

"Lachinayi munali naye?"

"Ndinali naye."

"Diso likuvulala munalipo?"

"Ndinalipo."

"Ndiye wamuvulaza ndani?"

Kabati anayang'ana Pepani. Anayang'ananso amayi, amene dzanja linali likadali pachifuwa. Kenako anagwetsa maso pansi, n'kukhala chete. Thukuta linatsika m'mbali mwa khutu lake lotupa lija.

"Ayankhe, wapolisi akamufunsa," anatero achimwene. "Ndipo msika wonse udziwa kuti manja okonza mawotchiwa amachitanso ntchito yanji."

Pepani anaona kashopu kaja m'maganizo mwake, azimayi akukalambalala, akunong'onezana. Munthuyu anali wokonzeka kutaya dzina lake chifukwa cha lonjezo limene anachita ndi kugwedeza mutu chabe.

"Ndimasewera ragibi!"

Mawuwo anatuluka mokweza kuposa mmene ankafunira.

"Umatani?" anafunsa amayi.

"Ragibi. Mpira wogwetsana uja. Lachiwiri ndi Lachinayi. Disoli ndi bondo la mnzanga."

Achimwene anayamba kuseka, kuseka kowawa. "Iweyo? Iwe amene umapepesa nyerere ukaiponda?"

Azakhali anasendera pafupi n'kumugwira dzanja, maso ali ndi misozi. "Mwana wanga, ine ndinadutsamo. Ndinkati ndaterereka kubafa. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikuterereka kubafa. Usamuikire kumbuyo."

"Zoona, azakhali! Onani." Anakhuthula chikwama chake n'kutulutsa kamphira kokhota. "Aka timaika m'kamwa, kutchinjiriza mano."

Azakhali anagwira pakamwa. "Anachita kukugulira kotchinjiriza mano? Kuti akamamenya asaguluke?"

"Nsapato zako zili kuti?" anafunsa achimwene.

"Kushopu kwawo."

"Chithunzi cha timu?"

Pepani analibe chithunzi. Nthawi iliyonse wina akatulutsa foni kuti ajambule, iye ankathawira kuchimbudzi.

"Imbirani Kaputeni wathu," anatero. "Nambala ili mufonimo. Bondo lake ndi lomweli."

Achimwene anayimba, n'kukweza mawu a foni kuti onse amve. Inaitana katatu.

"Halo?"

"Mayi, ine ndine mchimwene wa mwini foniyi. Akuti amasewera mpira m'timu yanu, ndipo mwamuvulaza diso ndinu. Zoona?"

Pepani anamva kupuma kwa Kaputeni, ndi wailesi ikuimba chapatali.

"Mwati ndinu wa kwawo?"

"Eya."

"Sindikumudziwa ameneyo. Nambala yanga mwina anangoitola papepala."

Foni inaduka. Pepani ndiye anapempha yekha kuti azimukana. Mawu ake omwe, a tsiku loyamba lija. Koma kodi Kaputeni amasunga lonjezo, kapena anali akumwetulira?

Achimwene anaika foni patebulo mofatsa, navula wotchi ya pamkono.

"Imirira, bambo."

Kabati anaimirira, n'kuika manja kumbuyo. Akanafuna, akanawanyamula achimwene ndi dzanja limodzi n'kuwakoleka pamsomali. Koma anangoima, chibwano atakweza, kudikira. Achimwene anakunga chibakera n'kuyamba kuwoloka chipinda.

Pepani sanaganize kanthu. Anangoona ntchafu ikuyenda. Anawerama, diso lake limodzi lili tong'o, phewa n'kulowa pantchafu, mutu kumbuyo, manja n'kukulunga miyendo yonse iwiri. Achimwene ananyamuka pansi, n'kukagwera pasofa, sofa n'kugudubuzika nawo chagada. Kunangotsala mapazi awiri m'mwamba, phazi limodzi lopanda nsapato.

Pepani anadzuka, akupuma mwamphamvu. Anadikira mawu aja akuti pepani kuti atuluke okha monga mwa masiku onse. Sanatuluke.

"Mayo," anatero azakhali motsitsa. "Amaseweradi."

Amayi anaimirira. Anadutsa mwana wawo wamwamuna osamuyang'ana, nafika pa Pepani, n'kugunditsa khutu lawo pachifuwa chake.

"Puma."

Pepani anapuma.

"Pumanso."

Anamvetsera nthawi yaitali. M'chifuwamo munalibe kulira kulikonse, koma mtima wokha ukugunda. Atawongoka, nkhope yawo inali youma. Anatembenukira kwa Kabati.

"Bambo, takunamizirani. Mutikhululukire. Munthu wosunga chinsinsi chonchi ndi wosowa." Anapuma. "Koma ndinu amene mwakhala mukumubisira nsapato mwana amene ine ndinachezera naye m'zipatala, akusowa mpweya, milomo itada. Simunaliko inu."

Kenako anayang'ana Pepani.

"Usankhe. Ukasiya mpirawo, bamboyu alowe m'nyumba muno ngati mwana wanga, kawotchi kake ndikoleka ndekha. Ukapitiriza, asadzapondenso pageti panga. Sindingaikire munthu madzi osamba m'manja pamene akundiphera mwana."

* * *

Amayi analola Pepani kuperekeza Kabati mpaka pageti basi. Anayenda limodzi, Kabati akukonzakonza jekete lake.

"Mutu unali kumbuyo," anatero Kabati.

"Ndinaona."

"Ndipo simunatsinzine."

"Diso limodzi linali lotseka kale."

Kabati anaseka, kuseka kwapansipansi. Kenako anakanda kumutu.

"Za chibwenzi zija... munawauza ndinu?"

"Anaganiza okha. Ine sindinakane."

"Simunakane chifukwa cha mpira, kapena...?"

Pepani anayang'ana geti. Utoto unali ukusupuka pafupi ndi loko. Poyamba chinali chifukwa cha mpira. Zinasinthira pati, sankadziwa.

"Nanga inu mumafuna kundifunsa chiyani lero?"

Kabati anatsegula pakamwa, n'kuyang'ana kuwindo kumene katani inali itakanuka pang'ono, n'kutsekanso.

"Pano sindingafunse. Ndikafunsa, mukhala ngati mukuyankha amayi, osati ine." Anagwira geti. "Ndakuona mmene wagwetsera muja. Usasiye mpira chifukwa cha ine."

Anali asanamutchulepo kuti iwe. Mtima wa Pepani unadumpha, kenako n'kutera pansi molakwika, ngati mpira wawo uja. Munthu amene akukufuna anganene kuti usandisankhe? Kapena wamva kupepukidwa kuti wapeza potulukira?

Asanafunse, njinga yamoto inakhota pakona n'kuima pafupi nawo. Woyendetsayo anavula chisoti. Anali Kaputeni. Pachiwongolero panalendewera chisoti chachiwiri.

"Ndachita bwino, eti? Monga unatipempha." Anamuyang'ana Pepani padiso. "Latupa bwino. Lachiwiri usachedwe, aphunzitsi a timu akuika m'timu ya Loweruka likubwerali." Anamasula chisoti chija n'kumuponyera Kabati. "Kwera, ndikakusiye. Ndimadziwa kuti uli kuno."

Kabati anachiwakha chisoticho, n'kuima nacho m'manja, osakwera, osabweza.

"Mzime!" anaitana amayi kuchokera m'nyumba. "Kawotchika ndikoleke, kapena atenge?"

Pepani anayang'ana kukhomo, n'kuyang'ana Kabati, n'kuyang'ana njinga. Funso limene linali m'mutu mwake silinali la amayi ayi: Kaputeni wakudziwa bwanji kuno? Kunyumba kwawo kuno palibe wa m'timu anali kukudziwa, kupatula munthu mmodzi yekha, wa ambulera yothyoka nthiti.